Ndende ya Moyo Wonse—Kodi Chitseko Chake Chiyenera Kutsegulidwanso?

WOWERUZA wa ku England akagamula kuti wambanda akhale m'ndende moyo wake wonse, kaŵirikaŵiri amatchulanso chiŵerengero cha zaka, kaya 15, 25, kapena 30. Ambiri omvetsera m'khoti amazunguzika nazo. Ngati chilangocho nchamoyo wonse, kodi zakazo nzantchito yanji? Ndipo ngati munthuyo angatuluke zakazo zitakwana, kodi mawu akuti "moyo wonse" akutanthauzanji? Achibale a wophedwayo angaone ngati anyengedwa. Nayenso mkaidiyo angadabwe pozindikira kuti zakazo zingathe koma chitseko nkukhalabe chotseka.

Nkhaniyi si ya maloya okha. Imadzutsa mafunso amene munthu aliyense wachikumbumtima amalimbana nawo. Kodi pali chiŵerengero cha zaka chimene chingalingane ndi moyo umene unatayika? Kodi munthu amene anakhetsa mwazi angasinthedi? Ngati angasinthe, kodi ndani angatsimikizire zimenezo, ndipo ndani adzasenza liwongo ngati walakwitsa?

Chilango cha Mbali Ziŵiri

Dziko la Britain linaleka kunyonga ambanda mu 1965. M'malo mwa chingwe, lamulo linaika chilango chimodzi kwa wachikulire aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha mwambanda, ndicho ndende ya moyo wonse. Komabe, opanga malamulo anadziŵa kuti ambanda sali ofanana onse. Munthu wopha mnzake pandewu ya kumoŵa ndi munthu wokonza chiŵembu kwa miyezi kuti aphe ana, onse aŵiri ali ndi liwongo la mwazi, koma liwongolo silolemera mofanana. Chotero chilangocho chinadzagaŵidwa paŵiri.

Mbali yoyamba imayang'ana kumbuyo. Ndiyo zaka zimene wolakwayo ayenera kukhala m'ndende monga chilango cha zimene anachita, kaya akhale wofatsa motani m'ndendemo. Malamulo a ku England ndi Wales amapatsa woweruza poyambira kuŵerenga: zaka 15 pamilandu yambiri, zaka 25 ngati wakuphayo ananyamula mpeni kupita nawo kumaloko, zaka 30 pamilandu yoipitsitsa monga kupha ndi mfuti kapena kupha chifukwa cha phindu, ndipo pamilandu yoŵerengeka yonyanyira, kusatulukanso konse. Woweruzayo amawonjezera kapena kuchepetsa malinga ndi zochitika za mlanduwo.

Mbali yachiŵiri imayang'ana kutsogolo. Zakazo zikakwana, bungwe lotchedwa Parole Board, limene linayamba ntchito mu 1968, limapenda funso limodzi lokha: Kodi nkofunikabe kuti munthuyu akhale wotsekeredwa kuti anthu atetezereke? Ngati yankho lili lakuti inde, iye amakhalabe m'ndende, mwina kufikira imfa. Ngati lili lakuti iyayi, amatuluka, koma samakhala mfulu ngati kale. Amayang'aniridwa, amaletsedwa kufika kumalo ena, ndipo angabwezedwe kundende panthaŵi iliyonse kufikira tsiku la imfa yake. M'lingaliro limeneli chilangocho chilidi cha moyo wonse.

Kusiyana kwa mbali ziŵirizi ndiko mfungulo ya nkhani yonseyi. Zimene munthu anachita sizisintha. Chimene munthuyo ali chingasinthe. Mikangano yochuluka imabuka pamene mafunso aŵiri ameneŵa asakanizidwa.

Kodi Ndani Ayenera Kuŵerenga Zakazo?

Kwa zaka zambiri, mawu omaliza ponena za zaka za wambanda sanali a woweruza koma a nduna ya boma yoona za m'dziko. Woweruza anali kungopereka lingaliro lake, ndipo ndunayo inali yaufulu kulitsatira kapena kulikana. Ngozi ya kakonzedwe kameneka inaonekera bwino pamlandu umene unagwedeza Britain yense.

Mu February 1993, anyamata aŵiri azaka 10 anaba mwana wazaka ziŵiri, James Bulger, pamalo a masitolo pafupi ndi Liverpool, namupha mwankhanza. Woweruza mlanduwo analingalira kuti asungidwe zaka zosachepera 8. Mkulu wa oweruza anati zikhale 10. Ndiyeno nduna Michael Howard inalandira chikalata chosainidwa ndi anthu oposa 270,000 opempha kuti anyamatawo asadzatulukenso, limodzi ndi timapepala zikwi zambiri todula m'nyuzipepala ina. Mu 1994 ndunayo inagamula zaka 15.

Mkwiyo wa anthuwo unali womveka. Kodi ndi kholo liti limene silikanamva chimodzimodzi? Komabe, mu 1997 oweruza a ku House of Lords anafafaniza chigamulo cha ndunayo. Iwo anati munthu amene akuika chilango akuchita ntchito ya woweruza, ndipo woweruza sayenera kutengeka ndi mfuu ya khamu pamlandu wa munthu mmodzi. Mu 1999 Bwalo la ku Ulaya Loona za Ufulu wa Anthu, la ku Strasbourg, linawonjezera kuti nduna siili bwalo loima palokha. Mu November 2002, pamlandu wa mkaidi wina wotchedwa Anderson, House of Lords inanena zofananazo ponena za ambanda achikulire, ndipo kuyambira mu 2003 zakazo zimaikidwa ndi woweruza poyera m'khoti.

Kodi nchifukwa ninji zimenezi zili zofunika? Nduna imafuna mavoti, ndipo mavoti amatsatira nkhani zimene zamveka kwambiri. Mlandu wa mwana amene chithunzi chake chinali m'nyuzipepala iliyonse umakoka masiginecha ambirimbiri, pamene mlandu wa nkhalamba yosadziŵika yophedwa m'kanyumba kake sukoka ndi imodzi yomwe. Ngati zaka ziŵerengedwa malinga ndi kukula kwa phokoso, pamenepo miyoyo ya ophedwa ikupimidwa pamuyeso wa kutchuka. Chimenecho chimalakwira wolangidwayo, komanso chimalakwira nkhalamba ija.

Chifukwa Chake Makhoti Anasiya Mpata

Ena amafunsa kuti, 'Bwanji osangotaya mfungulo? Wophedwayo sadzabweranso, nanga wakuphayo abwererenji?' Funso limeneli nlamphamvu, ndipo siliyenera kuyankhidwa mopeputsa.

Mu 1977 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la West Germany, la ku Karlsruhe, linalipenda mosamalitsa. Linagamula kuti ndende ya moyo wonse njololeka, koma kokha ngati mkaidiyo ali ndi mpata weniweni wakudzakhalanso paufulu tsiku lina. Linawonjezera kuti kungoyembekezera chikhululuko cha wolamulira sikokwanira, pakuti chifundo cha wolamulira chimadalira pamtima wake patsikulo. Njira yopendera iyenera kulembedwa m'lamulo. Chotulukapo chake, ku Germany mlandu wa mkaidi wotero umapendedwanso pambuyo pa zaka 15, ngakhale kuti amene liwongo lawo linapezeka kukhala lalikulu mwapadera amakhala zaka zambiri kuposa pamenepo.

Lingaliro limeneli linafalikira. Khoti lalikulu la ku Namibia linanena zofananazo mu 1996, ndipo la ku Zimbabwe mu 2016 linagamula kuti kutsekera munthu moyo wonse popanda mpata uliwonse wakupendedwanso kumaswa ulemu wa umunthu. Mu July 2013 bwalo la ku Strasbourg, pamlandu wa Vinter ndi anzake aŵiri, linafotokoza zifukwa zake. Pamene munthu aloŵa m'ndende, pamakhala zifukwa zingapo zomutsekera: kumlanga, kuchenjeza ena, kutetezera anthu, ndi kumuwongolera. Koma kulemera kwa zifukwa zimenezi sikukhala chimodzimodzi pambuyo pa zaka 25 kapena 30. Ndiponso, chilango chopanda malekezero chimakula ndi utali wa moyo wa munthuyo, kotero kuti wolakwa ali ndi zaka 20 amalipira koposa wolakwa ali ndi zaka 60 pamlandu umodzimodziwo.

Onani kuti makhoti ameneŵa sanalamule kuti wambanda aliyense atulutsidwe. Bwalo la ku Strasbourg silinatsegulire Vinter chitseko, ndipo mu 2017 linavomereza kuti malamulo a ku England, monga momwe makhoti a kumeneko anawamveketsera, amasiyadi mpata wokwanira. Chimene iwo anakana ndicho kugamula lero kuti munthu wakutiwakuti sadzasintha konse. Kunena zimenezo ndiko kudzinenera kudziŵa zam'tsogolo, chinthu chimene palibe woweruza aliyense waumunthu amene ali nacho.

"Mlandu Suola"

Mwambi umati mlandu suola, ndipo ponena za mwazi mawuwo ngoona kotheratu. Koma kodi choonadi chimenechi chiyenera kugwiritsiridwa ntchito motani popenda mkaidi? Mlandu wa ku South Africa umatithandiza kuona.

Pa April 10, 1993, Janusz Waluś anawombera Chris Hani, mtsogoleri wa chipani cha Chikomyunizimu, pakhomo pa nyumba yake ku Boksburg. Panthaŵiyo dzikolo linali pazokambirana zothetsa tsankho la apartheid, ndipo imfayo inatsala pang'ono kuliloŵetsa m'nkhondo yachiŵeniŵeni. Waluś anaweruzidwa kuti anyongedwe, koma chilango cha imfa chitathetsedwa mu 1995, chake chinasinthidwa mu 2000 kukhala ndende ya moyo wonse. Mobwerezabwereza nduna za chilungamo zinakana kumtulutsa. Mu 2020 ndunayo inavomereza kuti khalidwe lake m'ndende linali labwino ndi kuti panalibe ngozi yaikulu yakuti akapalamulanso, koma inakanabe chifukwa cha kuipa kwa mlanduwo ndi mawu amene oweruza ananena pomlanga.

Mu November 2022 khoti lalikulu la dzikolo, m'chigamulo cholembedwa ndi mkulu wa oweruza Raymond Zondo, linasonyeza vuto la kalingaliridwe kameneko. Kuipa kwa mlanduwo sikudzachepa, ndipo mawu a oweruza a mu 1993 sadzasintha. Ngati zimenezo zokha zili zokwanira kukanira munthu lero, zidzakhala zokwanira chaka chamaŵa ndi chaka chilichonse chotsatira. Pamenepo kupendako kumangokhala mwambo wachabe, ndipo lonjezo la lamulo limasanduka bodza. Khotilo linalamula kuti Waluś atuluke moyang'aniridwa. Mkazi wamasiye wa Hani anatsutsa chigamulocho ndi mtima woŵaŵa, ndipo anthu ambiri anagwirizana naye. Mu December 2024, nyengo yakuyang'aniridwa itatha, Waluś anatumizidwa kwawo ku Poland.

Munthu angakhulupirire kuti Waluś anayenera kufera m'ndende. Ngati zili choncho, chimene akutsutsa ndicho lamulo limene linamlola kupendedwa, ndipo njira yoongoka ndiyo kusintha lamulolo poyera. Chosayenera ndicho kuuza munthu kuti mlandu wake udzapendedwa pamene yankho linagamulidwa kale mseri. Boma limene limalanga chinyengo siliyenera kulanga mwachinyengo.

Kodi Mtima wa Munthu Ungapimidwe?

Ngakhale pamene opendawo ali oona mtima, ntchito yawo njovuta koopsa, pakuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ziŵalo za Parole Board zimaphatikizapo oweruza, madokotala a maganizo, ndi anthu ena odziimira paokha. Zimaŵerenga malipoti a oyang'anira ndende, zimafunsa mkaidiyo, zimapenda kumene adzakhala ndi amene adzamyang'anira. Kaŵirikaŵiri mkaidiyo amayamba wasamutsidwira kundende yopanda chitetezo chokhwima kuti aonedwe mmene adzachitira ndi ufulu wochepa. Malinga ndi bungwelo, ochepera 1 peresenti ya amene limawatulutsa ndiwo amadzapalamulanso mlandu waukulu.

Chiŵerengero chimenecho nchochepa, koma kwa banja limene lagweredwa tsokalo sichitonthoza konse. Ngakhale anyamata aŵiri aja a ku Liverpool amasonyeza kuvuta kwake. Onse anatulutsidwa mu 2001. Mmodzi sanamvekenso kuti wapalamula. Winayo anabwezedwa kundende mu 2010 ndiponso mu 2017 chifukwa chopezeka ndi zithunzi zolaula za ana. Mlandu wawo unali umodzi, msinkhu umodzi, ndipo anatuluka m'chaka chimodzi, koma njira zawo zinasiyana.

Palinso cholakwa china chimene sichimveka m'nyuzipepala. Bungwe likatulutsa munthu amene adzavulazanso ena, dziko lonse limadziŵa. Likasunga munthu amene sakanavulaza aliyense, palibe amene amadziŵa, pakuti zimene akanachita kunja sizidzaoneka. Chotero opendawo nthaŵi zonse amakhala pachiyeso chakusankha cholakwa chimene sichidzawachititsa manyazi.

Nanga bwanji kulapa? Mwachibadwa timafuna kuti wolakwa avomereze tchimo lake asanachitiridwe chifundo. Koma mawu akulapa ngosavuta kuloŵeza, ndipo wochenjera amadziŵa zimene opendawo akufuna kumva. Kumbali ina, munthu wosalakwa sangalape mlandu umene sanachite. Stephen Downing anamangidwa ali ndi zaka 17 pamlandu wakupha mkazi wina ku Bakewell mu 1973. Popeza anakanabe mlanduwo, sanaonedwe monga woyenerera kutulutsidwa, ndipo anakhala m'ndende zaka 27. Mu 2002 khoti la apilo linafafaniza chigamulo chomupeza wolakwa. Akananama kuti analakwa, mwachionekere akanatuluka kale.

Chifukwa chake opendawo amachita bwino kuyang'ana ntchito koposa mawu. Kodi munthuyo wachita motani kwa zaka zambiri pamene anaputidwa? Kodi wauza oferedwa zimene iye yekha akudziŵa? Helen McCourt, mtsikana wazaka 22, anaphedwa mu 1988 pafupi ndi St Helens, ndipo mtembo wake sunapezeke. Amayi ake, a Marie McCourt, analimbikira kwa zaka zambiri kufikira mu 2020 pamene panakhazikitsidwa lamulo lofuna kuti bungwelo lizilingalira kukana kwa mkaidi kuulula kumene anabisa mtembo. Lamulolo silitsekeratu chitseko kwa wokana, mwa zina chifukwa cha milandu yonga ya Downing. Koma limazindikira mfundo yoona, yakuti munthu amene akumana mayi mpata wakuika maliro a mwana wake akupitirizabe kuvulaza.

Mangawa kwa Oferedwa

Kwa achibale a wophedwa, kupendedwa kulikonse kumatukula bala. Amalemba kapena kuŵerenga pamaso pa bungwelo mmene imfayo inawakhudzira, ndiyeno zaka ziŵiri zisanathe angafunikire kuchitanso chimodzimodzi. Iwo ayenera kuuzidwa zoona kuyambira tsiku la chiweruzo ponena za tanthauzo la zakazo. Ayenera kumvedwa, kuuzidwa zifukwa za chigamulo, ndi kutetezeredwa kuti asakumane ndi wakuphayo pamsika. Koma kodi ayenera kugwira mfungulo?

Funsoli nlakale kwambiri. Chilamulo cha Mose, monga momwe Numeri chaputala 35 amafotokozera, chinasiyanitsa wakupha dala, amene anayenera kufa, ndi wakupha mwangozi, amene anathaŵira ku umodzi wa mizinda isanu ndi umodzi yopulumukirako. Wachibale wa wophedwa anali ndi malo ake m'kakonzedweko monga wolipsa mwazi, koma sindiye anagamula mlanduwo. Unagamulidwa ndi msonkhano wa anthu pomva mboni. Wothaŵayo anakhala mumzindamo kufikira imfa ya mkulu wa ansembe, tsiku limene iye sakanalifulumiza, wolipsa mwazi sakanalichedwetsa, ndipo dipo la ndalama silikanaligula. Makonzedwe amenewo sanali a ambanda, koma nzeru yake njoonekeratu: moyo wotayika ngwamtengo, ndipo mapeto a chilango sayenera kukhala m'manja mwa wolira kapena wolemera.

Kuika mfungulo m'manja mwa oferedwa kungaoneke ngati kuwalemekeza, koma kukanawasenzetsa katundu wosayenera. Banja lokhululuka likanatulutsa munthu woopsa, ndipo banja loŵaŵidwa likanasunga munthu wosinthika. Ndiponso, kukhululuka ndi kutulutsa sizili chinthu chimodzi. Mayi angakhululukire wopha mwana wake nkukhulupirirabe kuti ayenera kukhala m'ndende. Bungwe lingatulutse munthu amene banja silinamkhululukire, ndipo banjalo silikhala lolakwa chifukwa cha zimenezo.

Malaŵi ali ndi chokumana nacho chake pankhaniyi. Mu 2007, pamlandu wa Kafantayeni ndi anzake, khoti lalikulu linagamula kuti nkosemphana ndi malamulo a dziko kupereka chilango cha imfa kwa wambanda aliyense popanda kumva zochepetsa mlandu. Kuyambira mu 2015 akaidi oposa 150 anaonekeranso pamaso pa oweruza. Othandiza maloya anapita m'midzi kukafunsa mafumu, achibale a akaidiwo, ndi mabanja a ophedwa. Oweruza anamva zimene sizinamvedwe poyamba, monga ubwana wa wolakwayo, matenda a maganizo, kuputidwa, ndi khalidwe lake m'zaka zonse za m'ndende. Palibe amene anapatsidwanso chilango cha imfa, ndipo oposa 100 anabwerera kwawo. Milandu yawo sinafafanizidwe. Chimene chinachitika nchakuti aliyense anaweruzidwa monga munthu payekha, osati monga dzina la mlandu.

Chilungamo Chodziŵa Malire Ake

Pamenepa, kodi tinganenenji? Madzi akatayika saoleka. Palibe zaka 15, 30, kapena 50 zimene zingabweze wakufa, ndipo tsiku lotulutsa wambanda silili chikalata chonena kuti ngongole yatha. Ngati tiyembekezera ndende kulipira mtengo wa moyo, chiŵerengero chilichonse chidzaoneka ngati chipongwe. Zimene khoti la anthu lingachite nzochepa kuposa zimenezo. Lingasonyeze mwa chilango cholemera kuti mwazi suli wotchipa, lingatetezere amoyo, ndipo lingapeŵe kuwonjezera chisalungamo chatsopano pa chakale.

Kuti lichite zimenezo, zaka za chilango ziyenera kuikidwa poyera ndi woweruza amene safuna mavoti. Kupendedwa kolonjezedwa kuyenera kukhala kwenikweni. Woopsabe ayenera kukhalabe m'ndende, ngakhale zaka zake zitapitirira kaŵiri. Amene salinso woopsa, ndipo wamaliza zaka zimene anaikiridwa, sayenera kusungidwa kokha chifukwa chakuti dzina lake limadedwa. Ndipo oferedwa sayenera kunyengedwa kapena kuiŵalidwa.

Ambiri a ife sitidzakhala konse pampando wa opendawo. Komabe, tsiku lina munthu wotulutsidwa angakhale mnansi wathu, ndipo mkazi wamasiye wa wophedwayo angakhale nafe pamzera umodzi kumsonkhano. Sitiyenera kuuza mkaziyo kuti aiŵale, kapena kuti chisoni chake chatenga nthaŵi yaitali. Sitiyeneranso kuuza mwamunayo kuti kuyesayesa kwake kukhala munthu wina nkwachabe. Tingakhale ochenjera naye, monga momwe lamulo lenilenilo limakhalira, popanda kumtsekera njira yakugwira ntchito ndi kukhala mwamtendere. Munthu amene amalemekezadi moyo adzausonyeza ulemuwo kwa onse aŵiri.